Girisi Wofiira

Mvula ya Disembala itayamba, nyanja ya kwathu ku Kuala Rompin inatseka monga ichitira chaka ndi chaka. Maboti onse anakocheza mumtsinje, alendo a ku Singapore odzawedza nsomba zathanga, zija zikuluzikulu za mlomo wautali ndi chipsepse chonga thanga la boti, anabwerera kwawo, ndipo amuna athu anayamba kuswera momwera tiyi n'kumanamizana za nsomba zomwe sanagwirepo. Kwa ife a m'shopu ya bambo anga, a Deraman, imeneyi ndiyo nyengo yosapuma. Msodzi aliyense amabwera ndi chokulungira chake, makina aja okhala pa ndodo ya mbedza, kuti tichimasule, tichotse mchere ndi dzimbiri, tisinthe zomwe zadyeka n'kupakamo girisi watsopano.

Ndikuti "ife" mwaulemu chabe. Maso a bambo anachita ng'ala kalekale, moti ntchito yonse ndimagwira ndine, Hazwani, mwana wawo mmodzi yekhayo. Iwo amakhala pampando wa pakhomo, kulonjera anthu ndi kulandira mayamiko. Dzina la pachikwangwani ndi lawo, ndipo chimwalirireni amayi, dzinalo ndi lomwe limawadzutsa m'mawa.

Chaka chimenecho mtima wanga unali m'mwamba. Zulhelmi, woyendetsa limodzi mwa maboti a Haji Sulong, anali atandilonjeza kuti nyanja isanatseguke amayi ake adzabwera kwathu ndi mphete kudzafunsira mbeta. Mpheteyo anali atagula kale, inali m'kabati ya amayi akewo. Ine ndinali nditayamba kale kumutchula Abang Helmi, monga achitira mkazi kwa mwamuna yemwe mtima wake wamulola.

Tsiku lina Helmi anabwera ndi chokulungira chake, n'kuchiika patebulo mothamanga ngati chikumuotcha. Anapsompsona dzanja la bambo, anati akufunidwa kudoko, n'kutuluka osandiyang'ana kumaso.

Ndinasiya zonse n'kuyamba ndi chake, monga mwa nthawi zonse. Ndinamasula chivundikiro cha m'mbali, ndipo manja anga anaima pomwepo. Girisi wanga ndi wabuluu, Rompin yense amadziwa. M'menemo munali wofiira psuu.

Akazi ena amapeza tsitsi lachilendo pa malaya a mwamuna wawo. Ine ndinapeza girisi. Ndipo sindinavutike kufunsa mwini wake, chifukwa m'tauni muno wopaka girisi wofiira ndi mmodzi: Izyan, mwana wamkazi wa a Haji Sulong, yemwe anabwerako ku mzinda wa Kuantan n'kutsegula shopu ya magalasi yokhala ndi makina oziziritsa mpweya. Ndinafufuza mkati monse kuti ndipeze pomwe analakwitsa. Magiya anali aukhondo, mabering'i atsopano, chilichonse pamalo pake. Ntchito yake inali yabwino, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa koposa.

Ndinajambula chala changa chofiiracho n'kumutumizira Helmi.

"Uyu ndi ndani?"

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Anayamba kulemba, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Wani, usapse mtima. Si zimene ukuganizazo."

"Ine sindikuganiza kanthu. Ndikuona ndi maso."

"Tikumane kwa mayi Esah mapemphero a masana akatha. Chonde."

* * *

Mayi Esah amagulitsa tiyi ndi nthochi zokazinga m'kashedi ka malata m'mbali mwa mtsinje. Mvula inkasokosera padenga moti munthu umayenera kukweza mawu, ndipo ine tsiku limenelo sizinandivute.

"Ndiye mwayamba kudya nyumba ziwiri?" ndinatero Helmi asanakhale n'komwe.

"Moni kaye, Wani."

"Moniyo mukampatse Izyan. Ine ndikufuna yankho."

Mayi Esah anaika mbale ya nthochi pakati pathu. "Ana inu, mukafuna kumenyana mundiuziretu ndichotse matambula anga."

Helmi anakanda m'mutu. "Ine ndimati girisi ndi girisi basi. Sindinadziwe kuti ali ndi mitundu ngati zopaka milomo."

"Zaka zonsezi mukukhala pabenchi yanga ine ndikugwira ntchito, osaona ngakhale mtundu wa girisi?"

"Sindinkayang'ana girisi."

Pang'onong'ono ndikanaseka. Ndinaluma nthochi kuti asaone, chifukwa mwamuna akakuseketsa nthawi ya mlandu, mlanduwo watha.

Koma iye sanaseke. Anatambasula dzanja lake lamanja patebulo. Pachikhatho panali chipsera chachitali chomwe anabwera nacho mu Okutobala, nyengo ya nsomba ili pachimake.

"Tsiku lija mlendo wina anakola nsomba yaikulu ndi ndodo yanga," anatero. "Nsomba ikuthawa, chingwe chikutuluka bwinobwino, kenako ndinamva fungo ngati la nyama yopserera. Chokulungira chinangoti gwa, kuumiratu. Ndodo inamukoka mlendo uja, miyendo m'mwamba, anatsala pang'ono kugwera m'madzi. Ine ndinagwira chingwe ndi dzanja."

"Munandiuza kuti nsomba inakuchekani ndi mlomo wake."

"Ndinanama."

"Ndiye mabodza akwana awiri. Pitirizani."

"Titafika kudoko a Haji anatenga chokulungiracho okha n'kukampatsa mwana wawo. Boti ndi lawo, mlendo ndi wawo, ndikanakana bwanji? Izyan atatsegula anapeza buleki yapsa. Muli zikopa, Wani."

"Zikopa?"

"Timawashala tachikopa, todula ndi mpeni, tonyika m'mafuta."

Buleki ya chokulungira ndi timawashala tomwe timalola chingwe kutuluka pang'onopang'ono nsomba ikamathawa. Masiku ano timaika takuda topyapyala, tosapsa ndi moto. Zikopa zinali za kale, nthawi yomwe anthu ankawedza tinsomba ta m'mphepete. M'tauni muno munatsala munthu mmodzi yekha wokhulupirira chikopa, ndipo ndinali nditamusiya pampando wa pakhomo. Ndinakumbukira kuti mu Okutobala ndinapita ku ukwati wa msuweni wanga ku Mersing, chokulungira cha Helmi ndili nditachimaliza, chikungodikira mwini wake.

"Akudziwa ndani?" ndinafunsa motsitsa.

"Zoti chinauma, doko lonse likudziwa, amayi akudziwanso. Za zikopazo ndi Izyan ndi ine basi. Anthu akuti unalakwitsa ndiwe."

"Ndiye miyezi yonseyi anthu akundidya miseche, inu muli chete?"

"Ndikanati chiyani? Kuti a Deraman, omwe anaphunzitsa theka la asodzi akuno kumanga mbedza, anatsala pang'ono kumiza mlendo? Iwe mwini ukanandikhululukira?"

Ndinabwera nditanola mkwiyo wanga bwinobwino, tsopano ndinalibe woubaya nawo. Mayi Esah anadzatenga mbale n'kupukusa mutu poona kuti nthochi zawo zazizira pachabe.

* * *

Madzulo ake ndinawaikira bambo mpunga ndi nsomba yamchere. Amadya mwaudongo ngakhale saona bwino, zala zawo zimadziwa pomwe pali munga uliwonse.

"Bambo, lamba wanu wachikopa uja, wovala pa Idi, ali kuti?"

Anasiya kudya. Nkhope yawo inawala ngati mwana yemwe wagwidwa akubisa mphatso.

"Waziona eti? Ndimati udzaziona liti! Utapita ku Mersing ndinatsegula cha Helmi, kungofuna kupapasa. Ndinapeza timawashala topyapyala ngati pepala, touma. Ndinati mwana wangayu watopa, waiwala kusintha. Sindinafune kukuchititsa manyazi."

"Ndiye munatani?"

"Mkamwini wanga apite panyanja ndi timapepala? Ndinataya tonse n'kudula lamba wanga. Chikopa chenicheni cha ng'ombe chimenechija, Wani, masiku ano sungachipeze. Ndinadula ndekha, mopapasa, osalakwitsa ngakhale kamodzi. Anthu amati a Deraman anatha. Maso ndiwo anatha, manjawa alipo."

Anakweza manja awo, mpunga uli kuzala. Ine misozi inali itayamba kale, mwayi wake sakanaiona.

"Wanenapo chiyani Helmi? Chikukoka bwino?"

"Akuti chikukoka bwino, bambo."

"Ndinadziwa. Amayi ake akabwera ndi mphete ndidzamuuza ndekha. Ndilibe boti loti ndimupatse, koma ndinamupatsa lamba wanga."

Anapitiriza kudya mosangalala, mpaka anapempha mpunga wina.

* * *

Amayi ake a Helmi, mayi Rokiah, ndinakumana nawo kumsika akusankha tsabola. Ndi mayi wamasiye, wamfupi, wolankhula motsitsa, mtundu wa anthu omwe amakucheka usanamve kuwawa. Ndinawerama kuti ndipsompsone dzanja lawo. Anandilola, koma anagwira zala zanga n'kuyang'ana zikhadabo zanga zakuda.

"Sopo wakwera mtengo eti, Hazwani?"

"Ndi girisi, amayi. Satuluka msanga."

"Ee, ndamva kuti ntchito ikukuchulukira. Mwina n'chifukwa chake zina zikumakupulumuka."

Ndinaona akazi ogulitsa masamba atasiya kukamba zawo. Ndinayesa kumwetulira. "Bambo amafunsa kuti tikuyembekezereni liti kwathu."

Mayi Rokiah anaika tsabola m'thumba mmodzimmodzi. "Mwana wanga, ine nyanja inanditengera mwamuna. Sindinaike m'manda ngakhale chala chake. Ndatsala ndi Helmi yekha. Tsiku lija anabwera kunyumba malaya ali magazi okhaokha, ndinangokhala pansi pakhonde. Kenako ndikumva kuti chomupweteka chinachokera m'manja mwa mkazi yemwe akufuna kumukwatira."

"Amayi, zinthu zija..."

"Ndiuze kuti si iwe. Ndili pano, ndikumva. Ngati si iwe, ndi ndani?"

Mawu anali pamlomo penipeni. Ndikanangoti "ndi bambo," mphete ikanabwera kwathu sabata yomweyo. Koma pofika madzulo msika wonse ukanadziwa, mawa lake doko, ndipo bambo akanamva kwa anthu oseka momwera tiyi kuti lamba wawo ananunkha ngati nyama yopserera.

"Ndine, amayi," ndinatero. "Ndinalakwitsa."

"Wachita bwino kuvomera. Ndiye undimvetse. Mkazi wosasamala pa kanthu kachitsulo, adzasamala pa mwana wanga? A Haji akuti nyanja ikatseguka Helmi akhala ndi boti lakelake, lalikulu, la mainjini awiri. Ndi anthu odziwa kusamala munthu amenewo. Upereke moni kwa bambo ako."

Anachoka ndi ambulera yawo, ine n'kutsala pamvula ndi dengu lopanda kanthu. Ndinabwerera kunyumba osagula ngakhale anyezi.

* * *

Uthenga wa Helmi unafika ndisanasinthe n'komwe zovala zonyowa.

"Wawauza chiyani amayi? Akuti wavomera wekha."

"Ndavomera."

"Wani! Ine ndakhala ndikuwauza kuti makina amatha kuuma okha. Wandithyola miyendo."

"Anandifunsa pamaso pa msika wonse. Mumati nditani?"

"Tiwauze chilungamo, iwo okha, m'nyumba."

"Amayi anu akadziwa, azakhali anu adziwa. Azakhali anu akadziwa, adziwa ndi a ku Mersing omwe."

"Ndiye ukusankha bambo ako."

"Inu simukusankha amayi anu?"

"Amayi ali ndi matenda a mtima, ukudziwa. Sindingawakalipire."

"Nanga boti la mainjini awiri lija, nalo lili ndi matenda a mtima?"

Anawerenga, osayankha. Ndinadziwa kuti ndamubaya pabala, ndipo ndinanong'oneza bondo, koma kupepesa kunandikanika. Masiku otsatira foni yanga inangoti zii. Ndinkaitembenuza patebulo pakati pa magiya a anthu, kuiyatsa, kuizimitsa, mpaka galasi lake linadzaza zidindo za zala zabuluu. Ndinkamusowa kwambiri, ndipo ndinkamuda chifukwa chomusowacho.

* * *

Lachisanu masana, amuna atabwerako kumzikiti, galimoto yoyera inaima pakhomo pa shopu. Bambo anali atalowa kuchipinda cha kuseri kukagona pang'ono. Anatsika Izyan, mpango wake wa kumutu wosita bwino, zala zake zoyera ngati sanagwirepo chitsulo. Amagwira ntchito atavala magolovesi, n'chifukwa chake.

"Assalamualaikum, Wani."

"Waalaikumsalam. Wasochera? Kuno kulibe mpweya wozizira."

"Pakamwa pako sipanasinthe chichokereni kusukulu." Anayang'ana patebulo, n'kuona chokulungira cha Helmi chili chimasulire. "Wachotsa girisi wanga."

"Ndachotsa. Amandiyabwa m'maso."

Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki. Munali tizidutswa takuda, topiringizika, tomatana. Anakaika patsogolo panga.

"Ndakubwezera. Sindikufuna kusunga zinthu za eni."

"Ukufuna chiyani posinthana nazo?"

"Palibe. Ngakhale bambo anga sindinawauze. Nditangotsegula ndinadziwa kuti si iwe. Iwe ndiwe wamwano, koma ntchito umaidziwa. Kuika chikopa cha lamba m'chokulungira cha nsomba zathanga, ameneyo ndi munthu wokalamba yemwe sakuonanso chomwe akuchita."

"Tsitsa mawu."

"Ndamva kuti wadzisenzetsa mlandu kumsika. Ine sindikanatha, ndikunena zoona." Anayamba kusewera ndi makiyi a galimoto. "Koma ndisakunamize, Wani. Helmi ndinayamba kumukonda iwe usanamuone n'komwe. Ndinapita ku Kuantan kuti ndimuiwale, sizinatheke. Sindinamutsate, sindinamulembere. Amayi ake ndi omwe akugogoda kwathu. Akagogodanso, ine sindikana."

"Iye wakuuza kuti amakufuna?"

"Sanandiuze. Komanso sanandiuze kuti sandifuna."

Ndinafuna kumugenda ndi chitini cha girisi. Chinandiletsa ndi chakuti sananame ngakhale pamodzi. Munthu woipa umamutukwana mtima n'kukhala pansi, koma uyu ndikanamutukwana chiyani?

Nsalu yotchinga khomo la kuseri inagwedezeka. Bambo anali ataima pamenepo, osavala nsapato, dzanja lili pafelemu.

"Mwana wa a Haji," anatero, "tandipatsa zimenezo."

Izyan anandiyang'ana, nkhope itagwa. Bambo anayenda okha mopapasa mpaka patebulo, anapeza kathumba kaja, n'kukhuthulira tizidutswa tija m'dzanja. Anatifinya ndi zala, kenako anatinunkhiza.

"Chapsa," anatero. "Dzanja la Helmi lija?"

"Bambo, sizinali..."

"Ndafunsa. Dzanja la Helmi lija?"

"Inde, bambo."

"Ndipo iwe wauza mayi Rokiah kuti ndiwe."

Izyan anapepesa motsitsa n'kutuluka, galimoto yake inanyamuka mwakachetechete. Bambo anakhala pampando wawo wa pakhomo, tizikopa tija tili m'dzanja, kuyang'ana mvula yomwe sankaiona. Asodzi awiri anadutsa n'kuwapatsa moni, iwo osayankha. Chakudya cha madzulo sanachikhudze.

* * *

M'mawa mwake nditabwerako kogula mkate ndinapeza mpando uli wokha. Kuchipinda kwawo kabati inali yotsegula. Malaya awo a pa Idi ndi chipewa chawo chakuda kunalibe.

Mayi woyandikana nafe anasuzumira pawindo. "Ukufuna bambo ako? Akwera galimoto ya matola ya a Mat Jusoh, atchena ngati akupita ku ukwati. Amati awatule kwa mayi Rokiah."

Ndisanatseke n'komwe chitseko, foni inalira. Anali Helmi, koyamba chikanganirane.

"Wani, mphete mulibe m'kabati."

"Mukuti chiyani?"

"Ndinapita kukapopa madzi m'boti. Pobwera ndapeza amayi ndi azakhali achoka, avala zatsopano. Aneba akuti apita kwa a Haji. Sindinadziwe, Wani, ndikulumbira, sanandiuze kanthu."

"Bambo anga afika kumeneko?"

"Akuti anafika, atamva kuti amayi ali kwa a Haji anati ndi bwino, akawapeza onse pamodzi."

Ndinaliza njinga yamoto osavala jekete la mvula. Msewu wa kwa a Haji unali utasefukira, madzi ankandimenya m'mawondo, ndipo njira yonse ndinkapemphera chinthu chimodzi, kuti galimoto ya a Mat Jusoh ife panjira monga imachitira masiku onse. Tsiku limenelo lokha inayenda bwino.

Nyumba ya a Haji ndi yaikulu, ya masitepe a matailosi. Pamasitepewo panali nsapato za akazi zonyezimira, zondanda bwino, ndipo kumapeto kwake nkhwaila zakutha za bambo anga. Chitseko chinali chotsegula. Mkati anthu anakhala pamkeka mozungulira mbale za makeke: a Haji ndi akazi awo, achimwene awo oyang'anira maboti, mayi Rokiah ndi azakhali a Helmi. Izyan anakhala pakati atazyolika. Bambo anali chiimire, chipewa chitanyowa, akuyang'ana kukhoma komwe kunalibe munthu.

"...choncho mwana wanga sanalakwe," ankatero. "Ntchito yake anaimaliza bwino. Ndine ndinatsegula iye atachoka, ndine ndinaikamo zikopa. A Haji, zaka zonsezi mwakhala mukutuma zokulungira za maboti anu kwa Deraman, koma Deraman anasiya kuona kalekale. Amakonza ndi Hazwani. Ine ndimangolandira zikomo wa eni. Tsiku limodzi lomwe ndinagwira ntchito, ndinatsala pang'ono kumiza mlendo wanu ndi kupundula mwana wa mayi Rokiah. Chikwangwani chija ndikachichotsa lero. Ndikhululukireni ine, mwanayu musamulange."

Mchimwene wa a Haji anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Ine ndinaima pakhomo madzi akuchucha, ndipo m'pamene ndinaona dzanja la Izyan lili pamwendo pa mayi Rokiah. Mphete inali kale kuchala.

Mayi Rokiah anandiona. Kwa kanthawi nkhope yawo inasintha, ndipo ndinaona kuti akumbukira funso lawo la kumsika lija. Koma anayang'ana a Haji, anayang'ana mphete, n'kukonza mpango wawo.

"Mwachita bwino kunena, a Deraman," anatero. "Ine ndakhululuka ndi mtima wonse. Khalani pansi, mumwe tiyi."

Bambo anapuma mozama ngati munthu wotula katundu. Anamwetulira.

"Alhamdulillah. Ndinadziwa kuti ndinu mayi wachifundo. Ndiye nkhani ya ana athuwa yawongoka. Mubwera liti kwathu, mayi Rokiah? Mutiuziretu, Wani akonze nyumba."

Palibe anayankha. Izyan anabisa dzanja lake m'mpango n'kuyamba kulira mwakachetechete.

Kumbuyo kwanga njinga ina inaima. Helmi anakwera masitepe akuthamanga, atanyowa mpaka mkati, anavula nsapato imodzi n'kuima pambali panga. Anaona amayi ake, anaona mphete, anaona bambo anga akumwetulira okha pakati pa anthu owerama.

"Helmi," anatero mayi Rokiah, dzanja lili pamtima, "poti wabwera, lowa udzapsompsone dzanja la a Haji. Mawu taperekana kale."

Bambo anatembenuzira mutu kukhomo. "Helmi wabwera? Wani, nawenso uli pomwepo? Ndikumva fungo la girisi." Anaseka pang'ono, koma kuseka kwawo kunazilala poona kuti akuseka okha. "Mawu ati omwe aperekana? Mwana wanga, bwanji anthu angoti zii?"

Ndinamuyang'ana Helmi kuti ayankhe ndiye. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana dzanja la amayi ake lomwe linali pamtima paja. Sanalowe, komanso sanandigwire dzanja.

Ndinatola nkhwaila za bambo, ndinalowa ndi mapazi amatope pamkeka wa a Haji, n'kuwagwira pamkono.

"Tiyeni kunyumba, bambo," ndinatero. "Ndikakuuzani panjira."